Amati ndi wopandukira dziko: yankho kwa mayi wofunsa za Jane Fonda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amawerenga zomwe ndimalemba kuno. Akuti akhala akuonera Grace and Frankie pa Netflix, ndipo mtima wawo unagwa pa Jane Fonda, gogo wochita sewero la Grace uja. Atafufuza dzina lake pa intaneti, anadabwa kupeza anthu a ku America akumutukwana, akumutcha "Hanoi Jane", ena akuti ndi wopandukira dziko. Funso lawo ndi lakuti: mayiyu analakwa chiyani, ndipo ndi munthu woyenera kumulemekeza kapena ayi?

Amayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe kutali pang'ono, chifukwa mlandu wa munthu sumveka bwino ukayambira pakati.

Jane Fonda anabadwa pa 21 December 1937 mumzinda wa New York. Bambo ake anali Henry Fonda, katswiri wa mafilimu wodziwika dziko lonse la America, koma kunyumba anali munthu wa zii, wosadziwa kuonetsa chikondi kwa ana. Mayi ake anadzipha mu 1950 Jane ali ndi zaka 12. Akuluakulu anamubisira, anamuuza kuti ndi matenda a mtima, ndipo choonadi anakachipeza yekha m'magazini ya nkhani za mafilimu. Mwana kumva za imfa ya mayi ake mwanjira imeneyo! Iye mwini wakhala akunena poyera kuti kwa zaka zambiri anadwala nthenda yodya kenako n'kudzisanzitsa, poopa kunenepa.

Za mafilimu ake oyambirira sinditaya nthawi. Anayamba mu 1960, anakwatiwa ndi wopanga mafilimu wa ku France, Roger Vadim, ndipo mu 1968 dziko linamudziwa ngati chiphadzuwa cha mu Barbarella. Akanafuna, akanangokhala pomwepo n'kumadya ndalama. Koma ali ku France ankaona pa TV zimene mabomba a dziko lake ankachita ku Vietnam, ndipo atabwerera kwawo sanathenso kukhala chete. Ankayendera misonkhano yotsutsa nkhondo, ankathandiza mitundu ya eni nthaka a ku America pa nkhani za malo awo, ankasonkhera ndalama gulu la anthu akuda la Black Panthers. Mu 1970 apolisi anamugwira pabwalo la ndege ku Cleveland pomuganizira kuti wanyamula mankhwala osokoneza bongo, koma atayeza anapeza kuti anali mavitamini. Pa chithunzi chimene anamujambula kupolisi tsiku limenelo akuoneka atakweza chibakera m'mwamba, maso ali tong'o, osaphethira.

Tsopano pa funso lanu penipeni. Mu July 1972, patangopita miyezi yochepa atalandira mphoto ya Oscar chifukwa cha filimu ya Klute, anapita ku Hanoi, likulu la North Vietnam, dziko limene linali pankhondo ndi America. Chimodzi mwa zimene zinamutengera kumeneko chinali kukaona zipupa za dothi zotchinga madzi a mitsinje, zimene zinkamveka kuti ndege za America zikuziphulitsa. Zipupazo zikanagumuka, minda ya mpunga ndi midzi zikanamira. Analankhulanso pa wailesi ya ku Hanoi, kupempha oyendetsa ndege a kwawo kuti aganizire zimene akuchita. Tsiku lomaliza anamutengera pamalo a asilikali. Malinga ndi mmene iye amafotokozera, asilikaliwo anamuimbira nyimbo, iyenso anayesa kuwaimbira, kenako anamukhazika pampando wa mfuti yaikulu yogwetsera ndege. Anali atavala chipewa chachitsulo, akuseka, makamera akung'anima. Akuti atangochoka pamenepo anazindikira chimene wachita, nayamba kuchonderera kuti zithunzizo zisatuluke. Madzi anali atatayika kale.

Taganizirani, Amayi, mayi wa ku Ohio kapena Texas amene mwana wake anawomberedwa ali m'ndege, akutsegula nyuzipepala n'kuona mwana wa Henry Fonda akuseka pa mfuti ya mtundu womwewo. Asilikali a America oposa 58,000 anafera nkhondo imeneyo. Mkwiyo wa mabanja amenewa ine sindiupeputsa ngakhale pang'ono. Ndipo kwa ine pali china chimene chimandipweteka kuposa chithunzicho: mu 1973 akaidi ogwidwa pankhondo atabwerera kwawo n'kumafotokoza za kuzunzidwa, Jane anawatcha achinyengo ndi abodza. Ambiri mwa iwo anazunzidwadi. Pamenepo analakwa kwambiri, ndipo sindingamuikire kumbuyo.

Koma pali bodza limodzi limene mungalipeze likuzungulira pa Facebook: lakuti akaidi anamupatsira timapepala mwachinsinsi iye n'kukatipereka kwa adani, akaidiwo n'kumenyedwa mpaka kufa. Zimenezo sizinachitike. Asilikali amene amatchulidwa mayina m'nkhaniyo anaikana okha. Komanso boma la America, ngakhale linkamuzonda kwa zaka, silinamuzenge mlandu woukira dziko.

Anapepesa pa TV mu 1988 pocheza ndi mtolankhani Barbara Walters, ndipo wabwereza kupepesa kangapo chifukwa cha chithunzicho, ngakhale sanasinthe maganizo akuti nkhondoyo inali yolakwika. Mu 2005, akusaina mabuku ku Kansas City, msilikali wina wakale anaima pamzere, atafika kutsogolo anamulavulira malovu a fodya kumaso. Jane anapukuta, anapitiriza kusaina, ndipo anakana kumusumira. Ndikaganiza za mayiyu, tsiku limenelo ndi limene limandibwerera.

Chimene chimandichititsa kumulemekeza n'chakuti kumenyera ufulu sikunali chovala cha pa Sande kwa iye. Kunalowa mpaka m'ntchito imene ankadyera. Filimu ya Coming Home ya 1978, imene inamupatsa Oscar yachiwiri, ndi nkhani ya msilikali wolumala wobwerera ku Vietnam, ndipo kampani yake ndi imene inaiyambitsa. The China Syndrome, yonena za ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya, inatuluka mu March 1979, ndipo patangotha masiku 12 ngozi yeniyeni inachitika pamalo otere ku Three Mile Island, ku America komweko. 9 to 5 ya 1980, imene anachita ndi Lily Tomlin ndi Dolly Parton, inachokera m'madandaulo a amayi ogwira ntchito m'maofesi: malipiro ochepa, mabwana ofuna kuwagwiragwira, kuphunzitsa ntchito mwamuna amene mawa lake akhale bwana wako. Lily Tomlin ameneyo ndi Frankie amene mukumuonerayo. Ngakhale tepi yake ya masewera olimbitsa thupi ya 1982, imene inagulidwa ngati zitumbuwa, ndalama zake zinkathandiza gulu la ndale limene anayambitsa ndi mwamuna wake wachiwiri, Tom Hayden.

Za bambo ake ndisaiwale. Jane ndi amene anagula ufulu wa sewero la On Golden Pond kuti achite nawo limodzi filimu ya bambo wouma mtima ndi mwana wamkazi wofuna chikondi chake. Henry Fonda anapata nayo Oscar mu 1982, koma anali atadwala moti sanathe kupita. Jane anakawalandirira mphotoyo n'kupita nayo kunyumba. Miyezi yowerengeka itadutsa, bambowo anatisiya.

Atakwatiwa ndi Ted Turner, amene anayambitsa CNN, anasiya mafilimu kwa zaka pafupifupi 15, ndipo ku Georgia anayambitsa bungwe lothana ndi mimba za atsikana achichepere. Anabwerera ku mafilimu mu 2005. Mu October 2019, ali ndi zaka 81, anasamukira ku Washington n'kumachita ziwonetsero Lachisanu lililonse pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Ankavala jasi lofiira. Apolisi anamumanga kasanu, manja m'maunyolo apulasitiki, ndipo kamodzi anagona m'chitokosi.

Ndiye mwandifunsa ngati mupitirize kumukonda. Ine ndimamukonda, Amayi, ndikudziwa bwino za Hanoi ndi za mawu aja a mu 1973. Msilikali wakale wa ku Vietnam akanena kuti sangamukhululukire, sindingatsutsane naye, bala ndi lake. Inuyo mukamaliza Grace and Frankie, funani Coming Home muione, kenako mudzandilembere zimene mwaona.