Duwa la bromeliad lisakufereni m'manja: mlangizi akuyankha

Mayi wina wa ku Zomba amene amagulitsa maluwa a m'miphika wafunsa kuti: "Alangizi, ndinagula duwa lokhala ngati chinanazi, lofiira pakati. Patha miyezi inayi, kufiira kwatha ndipo masamba ayamba kuuma. Kodi landifera?"

Mayi, musalitaye. Duwa lanulo ndi la m'banja la bromeliad, ndipo maso anu sanakunamizeni, chifukwa chinanazi chimene timalima ku Mulanje ndi m'bale wake weniweni. Kwawo kwa maluwa amenewa ndi ku South America ndi Central America, ndipo amene amapezeka kawirikawiri kwa ogulitsa maluwa ndi Guzmania, Aechmea, Vriesea ndi Neoregelia. Tsinde lililonse limachita duwa kamodzi kokha, kenako limayamba kufa pang'onopang'ono, mwina mpaka chaka. Koma kwezani masamba a m'munsi muone patsinde. Mupeza ana akutuluka, awiri kapena atatu. Dulani duwa loumalo, make mumusiye, chifukwa ndi amene akudyetsa anawo. Mwana akafika theka la msinkhu wa make, mpatuleni ndi mpeni wakuthwa komanso woyera, podula pafupi kwambiri ndi tsinde. Muikeni pamthunzi tsiku limodzi kuti bala liume, ndiyeno mubzaleni mosazamitsa, ndi kumuchirikiza ndi kamtengo mpaka atagwira. Kwa inu ogulitsa, phindu lagona pa anawa. Kungoti pamafunika kudekha, pakuti mwana amatenga chaka chimodzi mpaka zitatu asanachite duwa.

Bambo wina wa ku Lilongwe akuti lake lawola patsinde ngakhale amalithirira m'mawa uliwonse, ndipo analibzala m'dothi labwino la kudimba.

Bambo, chalipha ndi chisamaliro chomwecho. Ambiri mwa maluwawa kwawo amamera pa nthambi za mitengo, mizu ili pamtunda. Ntchito yaikulu ya mizuyo ndi kugwirira, ndipo madzi ndi chakudya amalandirira pakati pa masamba, pamene pamapangika kachikho. Mukaiika m'dothi la makande lonyowa tsiku ndi tsiku, mizu imasowa mpweya n'kuwola. M'malo mwa dothi, sakanizani makungwa a paini oswaswa, timakala ndi mchenga wa miyalamiyala wa kumtsinje. Mphika ukhale waung'ono, wobowola pansi. Madzi thirani m'kachikhomo, ndipo zapansizo muzinyowetse pokhapokha mukapisa chala n'kupeza pouma. Madzi a mvula ndiwo abwino. A pa mjigo akakhala a mchere, ngati m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, amasiya zoyera pa masamba n'kuwauma kunsonga.

Pa madzi a m'kachikhowa ndikupempheni ndithu: sabata iliyonse pendeketsani mphika, mutaye akalewo, mutsukuluze n'kuthira atsopano. Madzi okhalitsa amanunkha, amawoletsa mtima wa duwa, komanso udzudzu umaikiramo mazira. Sitingagone m'masikito kwinaku tikuweta udzudzu pakhonde. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makamaka ku Dedza ndi ku Mzuzu, chepetsani madziwo ndipo usiku mulowetse miphika m'nyumba, chifukwa maluwawa savomera kuzizira kotsika pansi pa madigiri 10.

Za dzuwa, ingogwirani tsamba. Lofewa, losalala, lobiriwira ngati la Guzmania likufuna kuwala kwa pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo dzuwa la mu Okutobala lingaliwaule tsiku limodzi. Lolimba, laminga m'mphepete, lotuwirako ngati la Aechmea limapirira kuwala kochuluka.

Funso limene landidetsa nkhawa lachokera kwa mnyamata wina wolima tomato, amene akufuna kupopera maluwa ake mankhwala otsala a Copper oxychloride ndi kuthira Yureya pang'ono pakati. Achimwene, zonse ziwirizo ayi. Kopa amene ali m'mankhwalawo ndi poizoni kwa bromeliad, ngakhale wochepa, choncho musagwiritse ntchito sipuleya imene mwapoperera tomato musanaitsuke bwinobwino. Feteleza wa mibulu akagwera m'kachikho amawotcha mtima. Ngati mukufuna kulidyetsa, gulani feteleza wamadzi wa maluwa, musungunule gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa pa botolo, kamodzi pamwezi m'nyengo yotentha yokha. Mukaona kodikodi, tizilombo tija tooneka ngati ufa woyera tobisala m'makwawa a masamba, pukutani ndi kansalu konyowa m'madzi a sopo pang'ono, kenako mutsukuluze ndi madzi oyera.

Mayi a ku Zomba aja anafunsanso ngati pali njira yofulumizitsa duwa. Ilipo, koma ndi ya chomera chokhwima chokha. Tayani madzi onse a m'kachikho, muike mphika m'jumbo lalikulu loonekera mkati pamodzi ndi apozi wakupsa kapena nthochi zakupsa, mumange kukamwa ndi kuika pamthunzi kwa masiku 7 mpaka 10. Zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umadzutsa duwa. Mukatulutsa, thiraninso madzi ndipo mudikire miyezi iwiri kapena itatu. Mwana wamng'ono musamukakamize, adzakupatsani kaduwa konyozeka kamene wogula sangakayang'ane.