Za laputopu ya adadi anu amene khutu limodzi linasiya kumva

Achemwali mwafunsa kuti adadi anu khutu lakumanja linasiya kumva, ndiye akamaonera nkhani kapena maulaliki pa laputopu amangokweza volyumu mpaka nyumba yonse kusowa mtendere koma iwo n'kumadandaulabe kuti sakumva, mutani? Ine izi ndinadutsamo ndi amayi anga, ndiye ndikuuzeni zomwe zinatithandiza.

Musanayambe n'komwe za ma caption (mawu olembedwa pansi pa vidiyo aja), yambani ndi mono audio, anthu ambiri saidziwa koma kwa munthu wa khutu limodzi ndiye mankhwala ake. Mavidiyo ndi nyimbo zambiri zimakhala za stereo, kutanthauza kuti phokoso analigawa pawiri, lina kumanzere lina kumanja, ndiye akavala ma headphone gawo lina limangothera ku khutu lomwe silikumva lija. Mukayatsa mono zonse zimaphatikizana n'kumatuluka mofanana mbali zonse. Dinani batani la Windows pamodzi ndi U, pa Windows 11 itsegula Accessibility, pitani pa Audio muyatse Mono audio. Pa Windows 10 dzina lake ndi Ease of Access koma njira ndi yomweyo. Amayi tsiku limenelo anachita kuvula ma headphone n'kundiyang'ana, amvekere "kodi kwayayi ili ndi azibambonso?" zaka zonsezi ankangomva mbali imodzi osadziwa kkkk. Pa tsamba lomwelo pali kena kake kopangitsa kuti sikirini izithwanima ikabwera notification m'malo mongolira, kayatseninso.

Tsopano ma caption, mawu olembedwa pansi aja. Pomwepo pa Accessibility pali Captions, musankhe maonekedwe ake, pali zilembo zoyera pa zakuda, zachikasu pa buluu, komanso zazikulu, ndipo mukadina Edit mumasintha nokha kukula ndi mtundu. Apa chonde musawasankhire, akhale pampando omwe amakhala masiku onse, avale magalasi awo, muziwafunsa. Ine ndinaika zachikasu poganiza kuti ndiye zowala, amayi anati zikuwalasa m'maso, tinathera pa zoyera kumbuyo kwakuda bii osaonekera mkati, chifukwa kumbuyo kukakhala koonekera ndiye munthu wa mu vidiyo wavala malaya oyera zilembo zimasowa.

Chomwe chinandizunguza mutu sabata yathunthu n'chakuti YouTube simvera zomwe mwasintha mu Windows, ili ndi zakezake. Vidiyo ikamasewera dinani C ma caption abwera, batani la + limakulitsa zilembo, la - limachepetsa, zina zonse zili pa kagiya kaja, Subtitles kenako Options. Ngati amaonera mafilimu a pa flash ndi pulogalamu ya VLC, fayilo ya ma caption (ya .srt) ikhale ndi dzina lofanana ndi la filimuyo mu foda imodzi, mawu akamatsogola kapena kutsalira mabatani a G ndi H amakonza.

Palinso Live captions, iyi imamvetsera chilichonse chomwe chikulira pa kompyuta n'kumalemba pompopompo, kaya ndi Zoom kaya Facebook. Ili pa Windows 11 kuyambira update ya 22H2, dinani Windows, Ctrl ndi L limodzi. Ulendo woyamba imafuna kudawuniloda fayilo ya chilankhulo ndiye pangani muli pa WiFi kapena bandulo ilipo yokwanira, ikatero imagwira ngakhale opanda intaneti. Ngati laputopu ndi ya Windows 10 mulibemo imeneyi, koma Chrome ili ndi yake, Settings, Accessibility, Live Caption, ingoti imalemba zokhazo zomwe zikusewera mu Chrome momwemo.

Koma ndisakunamizeni, Live captions imeneyi Chichewa simva. Pa chizungu cha BBC imalemba bwino ndithu, koma muikire ulaliki wa abusa akwathu osakaniza zilankhulo aja muona zozizwitsa, imatola mawu achizungu ofanana kamvekedwe n'kumalemba zopanda mutu, amayi anaseka mpaka misozi kenako anati zimitsa zikundisokoneza. Ndiye ngati adadi amakonda za m'Chichewa, chowathandiza kwenikweni ndi mono ija, ma headphone ophimba khutu lonse osati tolowetsa mkati tija, ndi mavidiyo omwe wolankhula akuoneka nkhope, poti anthu ovutika kumva amawerenganso milomo ngakhale eni ake sazindikira.

Ndipo volyumu ya 100 mu ma headphone iwaletseni, khutu latsala limodzilo ndi lofunika kulisamala. Ngati sanapimitseko apite nawo, ku Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya makutu, ku Lilongwe kuli ABC Hearing Clinic, nthawi zina limakhala phula chabe lotseka khutu. Mundiuze kuti laputopuyo ndi Windows 10 kapena 11 ndikutumizireni ma screenshot ku inbox.