Boxer ya 100 kapena ya 150: ndigule iti ya kabaza ku Thyolo?

Funso: Amisiri, ndasunga ndalama zogulira njinga yamoto ya kabaza. Ndimakhala ku Thyolo, ndipo kupatula anthu ndizinyamulanso nthochi ndi matumba kupita nazo ku msika wa Bvumbwe. Bajaj Boxer ya 100 ndi yotsikirako mtengo, ndipo anzanga akuti siimwa mafuta. Kodi kugula ya 150 n'kutaya ndalama?

Yankho: Achimwene, mukanakhala ku Lilongwe, kumene msewu ndi wosakwera ndipo mumangonyamula munthu mmodzi, ndikanati gulani ya 100 mtima uli m'malo. Anzanuwo sakunama, pamalo athyathyathya imamwadi pang'ono. Koma kwanuko n'kwa zitunda, ndiye nkhani yasintha.

Ya 100 mphamvu yake ili cha pa mahosipawa 8, pamene ya 150, yomwe kukula kwa injini yake ndi 144.8cc, imafika cha pa 12. Kusiyanaku simukumva pa msewu wosalala. Mumakumva pachitunda, kumbuyo kuli thumba la makilogalamu 50 ndi mwini thumbayo. Yaing'ono ija mumaitsitsa mpaka giya wani, mafuta mwapotokola mpaka kumapeto, injini ikungolira koma liwiro ngati la munthu woyenda pansi. Pamenepo petulo amene mumati mukupulumutsa uja akupita. Choipa kwambiri n'chakuti injini zimenezi zimazizira ndi mphepo basi, zilibe madzi. Mukamakwawa pachitunda mphepo imachepa, injini imatentha, oilo amachepa mphamvu. Zoterezi timaziona kugalaja: mapuleti a klachi atapserera mpaka kununkha, maring'i a pisitoni atadyeka, utsi wabuluu ukutuluka kumbuyo njinga idakali yatsopano.

Ndiye pa ntchito yanuyo, ine ndikuti onjezerani ndalama mugule ya 150.

Koma musanalipire, dziwani izi. Laisensi ya A1 imalekezera pa 125cc. Ya 150 imafuna khodi A, choncho pitani ku Road Traffic mukakonze zimenezo, musadzavutike pa rodibuloko. Mphamvu ikachuluka, tcheni ndi masipuroketi zimadyekanso msanga ngati simukuthira oilo ndi kukunga bwino, makamaka nyengo ya matope. Ndipo chonde, injini yaikulu siitanthauza kuti mabuleki ndi matayala apirira katundu aliyense. Kutsika chitunda mutasenza mikoko ya nthochi kumafuna giya yaing'ono, osati kudalira buleki yokha.

Ngati thumba lakanadi, pakati pali za 125, monga TVS HLX 125, imene A1 imakwanira. Iliyonse imene mungasankhe, yambani mwafunsa m'mashopu a masipeya ku Limbe kapena pa Thyolo Boma ngati pisitoni, klachi ndi tcheni zake zimapezeka. Kenako pemphani mnzanu amene ali nayo, mukwezane awiri, mukaiyese pachitunda chimene muzidutsa tsiku ndi tsiku.