Swift Sport yakaleyo, muigule kapena ayi?

Achimwene, mwafunsa ngati mugule galimoto yakale ya Suzuki Swift Sport ya 2008. Iguleni, koma pokhapokha ngati maulendo anu ambiri ndi a pa tara ndipo mwasungako kandalama ka masipeya. Swift Sport ya 2008 mwatchulayo ili ndi injini ya 1.6, yolimba ndithu, ndipo imayendera tcheni osati lamba, ndiye za kusintha timing belt muiwaleko. Pokwera ku Ku Chawe pa phiri la Zomba, m'makona muja, imagwira msewu bwino kwambiri.

Chomwe chimavuta ndi kufupika kwake. Yanga inkakhula kunsi pa mahampu ndikangonyamula anthu atatu kumbuyo, ndipo nthawi ya mvula njira za ku Chikanda ndi ku Sadzi ku Zomba konko ndinkayenda mtima uli m'mwamba. Matayala ake ndi opyapyala m'mbali, mukangogwera m'dzenje mwaliwiro limu yapindika basi. Mashoko ndi mabushi sachedwa kutha m'misewu yathuyi, ndipo ena safanana ndi a Swift wamba, moti mumakasaka ku Limbe kapena kuitanitsa kunja. Mafutanso imamwa kuposa Vitz yaing'ono ija.

Chinanso, galimoto zoterezi eni ake ambiri amazithamangitsa mopanda chisoni. Musanatulutse ndalama, pitani nayo kwa makaniko amene mumamudalira inuyo, osati amene wakupezerani wogulitsa. Aikweze aone kunsi, ayese klatchi ndi magiya, aonenso utsi poiliza m'mawa injini ili yozizira. Mukatero mupite ku Road Traffic mukatsimikize kuti dzina la mwini wake ndi nambala ya chassis zikugwirizana ndi zomwe zili pa blue book.