Masamba a gwafa apha mabakiteriya mu labotale, ndiye ndisiye mapiritsi?

Funso: Mwana wanga wa kukoleji anayeza masamba a gwafa mu labotale ndipo akuti anapha mabakiteriya. Amayeza bwanji? Kodi ndiye kuti ndizingowiritsa masambawo m'malo mwa mapiritsi a kuchipatala? — Mayi wa ana anayi

Yankho: Mayi, mwana wanuyo sakunama, koma mapiritsiwo musataye.

Masamba amawayanika pamthunzi, akauma amawapera, ufawo n'kuuviika m'madzi kapena mu ethanol (mtundu wa spiriti), kenako n'kusefa. Madzi osefawo akawadonthezera mankhwala otchedwa ferric chloride n'kusanduka akuda mobiriwira, ndiye kuti muli tannin, uja amaumitsa m'kamwa mukatafuna tsamba laliwisi. Akawakhutchumula n'kutuluka thovu losaphwa msanga, muli saponin, chinthu chochita thovu ngati sopo. Apa angodziwa zimene zili m'tsambamo, osati ntchito yake.

Chimene chinasangalatsa mwana wanuyo ndi kambale. Amapaka mabakiteriya pa chakudya chawo chotchedwa agar chimene chimakhala m'kambaleko, n'kuikapo kapepala kozungulira ka mamilimita 6 konyowetsedwa ndi madzi a masamba aja. Kambaleko kamagona pamalo otentha madigiri 37. Kukacha kamakhala katachita mbuu ndi mabakiteriya, kupatula bwalo loyera lozungulira kapepala kaja, pomwe mabakiteriya alephera kumera. Bwalolo amaliyeza ndi rula. Kawirikawiri bakiteriya wotchedwa Staphylococcus aureus, wa zithupsa ndi mabala, amagonja msanga, pomwe wina wotchedwa Escherichia coli amalimbalimba chifukwa ali ndi khungu lina lakunja lotchinga mankhwala.

Tsono kambale kalibe mimba, chiwindi kapena impso. Sopo nayenso amapha mabakiteriya m'kambale, koma palibe amene amamwa sopo. Chimene mwameza chiyenera kupulumuka asidi wa m'mimba, kulowa m'magazi, kufika pa nthendapo chikadali ndi mphamvu, komanso osakuvulazani panjira. Zonsezi rula sangayeze. Ndipo tsamba lanthete ndi lokhwima, la m'dzinja ndi la m'chilimwe, mphamvu zake sizifanana. Mlingo muudziwa bwanji?

Sindikunyoza zitsamba ayi. Artemisinin, amene ali m'mankhwala a malungo a masiku ano, anapezeka mu 1972 m'masamba a chomera chotchedwa Artemisia annua, ndipo Tu Youyou wa ku China analandira nazo mphoto ya Nobel mu 2015. Komabe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO silivomereza kuchiza malungo ndi madzi owiritsa masamba amenewo, pa nkhani yomweyi ya mlingo.

Malizani mapiritsi monga anakuuzirani adokotala, ndipo ngati mukumwanso zitsamba auzeni, osachita manyazi. Mwana wanuyo mumufunse ziwiri. Kodi pambali anaikapo kapepala ka mankhwala odziwika, monga ciprofloxacin, kuti ayerekezere mabwalo? Nanga kapepala ka ethanol yekha kanalipo? Pajatu ethanol payekha amapha mabakiteriya, ndiye ngati kapepala kameneko kanalibe, mwina gwafayo akutamandidwa pa ntchito ya mnzake.