Kalabu ya zojambula ikuzilala, tipange chani?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene akutsogolera kalabu ya anthu ongokonda kujambula zithunzi, osati oti ndi ntchito yawo ayi. Akuti poyamba anthu ankabwera ambiri koma pano akakumana nkhani imangokhala ya makamera odula oti palibe ali nawo, a mafoni akuchita manyazi mpaka ena asiya kubwera, ndipo zithunzi zikungofanana, maluwa, dzuwa likulowa, maluwa kachikena. Ndiye akufunsa kuti apange chani kuti kalabu idzuke.

Achemwali, ine maganizo anga ndi oti anthu anuwo apatseni malire. Munthu ukamuuza kuti jambula chilichonse amajambula zomwe anaziona kale kwa ena, koma ukamupanikiza pang'ono mpamene amayamba kuganiza. Tsiku lina muwauze kuti aliyense ajambule zithunzi 36 zokha basi, ngati mmene filimu ya 35mm imakhalira, osafufuta, osasuzumira pa sikirini mpaka mutamaliza. Muona okha kuti munthu amene amadina batani kambirimbiri pa chinthu chimodzi ayamba kuima kaye, kuzungulira, kugwada, kudikira. Zoom nayonso iletseni tsiku limenelo, wofuna kuyandikira ayende ndi miyendo. Henri Cartier-Bresson, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, zithunzi zake zambiri anajambula ndi lenzi imodzi ya 50mm yokha, yopanda zoom, ndiye wa foni asadzione ngati wotsalira.

Ina yomwe ndimaikonda kwambiri ndi yoika chinthu chimodzi pakati, kaya mpando wakale kaya ambulera, aliyense apatsidwe mphindi 10. Wina ajambula mthunzi wake wokha, wina agona pansi kuujambula kuchokera mmunsi mpaka mpandowo kuoneka ngati nyumba, wina ayandikira pa msomali wadzimbiri umodzi osaonetsa china chilichonse. Pamenepo palibe angati kamera yanga ndiyo vuto chifukwa chinthu nchomwecho, kuwala nkomweko. Mitu ya sabata nayo imathandiza, manja, zofiira, zooneka m'madzi kapena pagalasi, koma osachulutsa.

Koma pamene makalabu ambiri amagwera ndi pambuyo pojambula. Anthu amangoponya zithunzi pa gulupu ya WhatsApp, ena nkuika ka mtima, nkhani yatha, komanso WhatsApp imafinya chithunzi pokhapokha mutumize ngati document kapena musankhe HD. Khalani pansi limodzi, aliyense abweretse zitatu zokha, muzionetse pa laputopu popanda kutchula mwini wake, ndipo mawu oti "chabwino" kapena "chaphweka" aletsedwe. Funso likhale loti diso lako lafikira pati poyamba, kenako lapita kuti, nanga pali chani m'mphepetemu chomwe chikusokoneza. Mwini wake ayankhule pomaliza. Zimawawa pang'ono kumva kuti anthu onse aona mtengo womwe ukuoneka ngati wamera pamutu pa munthu pomwe iwe umaona kumwetulira kwake, koma ulendo wina sudzadina usanayang'ane kumbuyo kwa munthuyo. Chonde wotsogolera ateteze atsopano, mawu aukali amodzi okha munthu sabweranso.

Za kuwala, tumani anthu akajambule malo amodzi katatu, dzuwa litangotuluka, masana, ndi ola lomaliza lisanalowe. Masana dzuwa limakhala pamutu ndiye m'maso mwa munthu mumada, pomwe madzulo limabwera chammbali nkuonetsa makwinya a khoma ndi nsalu. Pojambula nkhope zimitsani fulashi, muimikeni munthu pafupi ndi zenera kuwala kuzimenya tsaya limodzi, mnzanu agwire katoni yoyera mbali inayo, mukamaiyandikitsa muona mthunzi wa pansi pa chibwano ukufewa pamaso panu pomwepo.

Usiku umodzi muusungire zolemba ndi tochi, kutanthauza kuyendetsa tochi mumdima kamera ikujambula kuti patuluke mizere ya kuwala, imeneyi anthu amasekerera ngakhale akuluakulu. Kamera ikhale pa tripod (choimikira cha miyendo itatu) kapena patebulo lolimba, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, kabowo ka lenzi kakhale pa f/8, shutter (kachitseko kolowetsa kuwala) ikhale yotsegula masekondi 15 kapena 20, muike timer ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze, focus muichite tochi ili yoyaka kenako muiike pa manual kuti kamera isaisinthenso yokha. Wogwira tochiyo avale zakuda ndipo asaime malo amodzi, sadzaoneka, chotsala ndi mzere wa kuwala wokha. Mafoni ena ali ndi Pro mode yolola kusintha ISO, shutter ndi focus. Masana yeserani kutsatira njinga ikudutsa, shutter ili pa 1/30 ya sekondi, kamera iziyenda limodzi ndi njingayo ngakhale mutadina kale, zambiri zituluka zoipa koma chimodzi chidzakhala ndi wokwera wooneka bwino kumbuyo kwake kuli mizeremizere.

Ngati muli ndi chipinda cha zenera limodzi, litsekeni lonse ndi pulasitiki wakuda, tsekaninso mipata ya pachitseko, mubowole kabowo ka sentimita imodzi, dikirani mphindi zingapo maso azolowere mdima. Zakunja zonse zioneka pakhoma chadodolido, mitengo, mitambo, anthu oyenda. Imeneyi ndi camera obscura, kumene kamera inachokera, ndipo ingakhale ntchito yabwino ya Lamlungu lomaliza la Epulo pomwe ojambula padziko lonse amachita tsiku la pinhole, kamera ya kabowo kakang'ono yopanda lenzi. Pa 19 Ogasiti ndiye tsiku la zojambula, pokumbukira 1839 pamene njira yojambulira zithunzi ya Louis Daguerre inalengezedwa ku Paris, tsiku limenelo mutha kusindikiza chithunzi chimodzi cha membala aliyense nkuzipachika pa chingwe ndi mapegi, abale ndi anzanu adzaone.

Mukamatuluka kukajambula mumsewu gawanani awiriawiri, wozolowera ndi watsopano, gulu lalikulu la makamera limaopseza anthu. Pemphani kaye musanajambule nkhope ya munthu, muonetseni chithunzicho, akakana fufutani iye akuona, ndipo ana osawajambula makolo awo asanavomere.