Kodi pa Nkhotakota pali ogula? Yankho kwa achimwene a ku Joni

Achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo. Amayi awo kwawo ndi kuno ku Nkhotakota, koma iwo anakulira ku Lilongwe. Akuti asunga kangachepe ndipo akufuna kutsegula sitolo ya zipangizo zomangira nyumba pa boma: malata, simenti, misomali, penti ndi zina zotero. Funso lawo ndi lakuti: pa Nkhotakota pali anthu angati, ndalama amazipeza bwanji, nanga sitolo yotere ingayende? Apempha kuti dzina lawo lisatuluke, ndiye ndingoti achimwene.

Achimwene, tiyambe ndi chiwerengero poti ndi chimene mwayamba kufunsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 28,000 m'tauni ya Nkhotakota. Boma lonse, kuchokera kumalire ndi Salima mpaka ku Dwambazi, linali ndi anthu opitirira 390,000. Ndiye kuti pa anthu 14 alionse a boma lino, mmodzi yekha ndiye amakhala m'tauni. Pa kalembera wa 2008 tauniyi inali ndi anthu pafupifupi 25,000, pomwe boma lonse linali ndi anthu ngati 300,000. Taonani bwino pamenepa: m'zaka khumi tauni yangowonjezera anthu masauzande ochepa, koma kumidzi kwachuluka anthu pafupifupi 90,000. Poyerekeza, tauni ya Salima mu 2018 inali ndi anthu pafupifupi 37,000.

Anthu 28,000 amamveka ambiri, koma si onse ogwira chikwama. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo banja limodzi limakhala ndi anthu anayi kapena asanu. Tikatengera pamenepo, m'tauni muno muli mabanja ngati 6,000 kapena kupitirirapo pang'ono. Pa mabanja amenewa, ndi angati akumanga chaka chino? Ndipo masitolo a hardware alipo kale mumsewu waukulu, eni ake amadziwana ndi amisiri onse omanga nyumba. Mukadalira anthu a m'tauni okha, mudzakhala pakhonde n'kumawerenga njinga za kabaza zikudutsa.

Ogula anu enieni ali kumidzi: kwa Malengachanzi, kwa Mphonde, kwa Mwadzama, kwa Mwansambo. Ana ochuluka ajawa sagula malata lero, komabe pakangopita zaka zochepa amakwatira, ndipo kwa ife Achewa mnyamata akalowa chikamwini amayenera kuimika nyumba kwawo kwa mkazi. Njerwa amaumba yekha n'kuwotcha. Chimene sangaumbe ndi malata, misomali, mahinjesi ndi loko. Amagula pang'onopang'ono, malata anayi mwezi uno, ena asanu akagulitsa mpunga, n'kumawasunga kuseri kwa chitseko mpaka akwane. Wogula wotere sangakweze galimoto ulendo wautali chifukwa cha malata anayi. Amagula pamsika umene uli pafupi naye, pamene angamange katunduyo panjinga.

Chinanso chokhudza anthu kuno ndi pamene akhala. Kuzambwe kuli nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve, yokula pafupifupi masikweya kilomita 1,800, imene a African Parks akhala akuyendetsa kuyambira 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi ku Majete. Kum'mawa kuli nyanja. Anthu ambiri athinana pakati pa ziwirizi, motsata msewu wa M5, ngati mikanda pa ulusi. Ndiye msika wa kuno si wozungulira tauni imodzi ayi. Watalika kuchokera ku Benga, kudutsa pa Chia, pa boma, mpaka ku Dwangwa.

Tsono za ndalama. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa funso lofunika kwambiri si lakuti anthu alipo angati, koma kuti ndalama imafika mwezi uti ndiponso m'thumba mwa yani.

Ndalama ya kunyanja imabwera tsiku ndi tsiku, koma ndi yosadalirika. Mwini chilimira amakhala ndi boti, injini, ukonde ndi nyali. Alovi (antchito a m'boti) ndi siginala (woyang'anira nyali zokopera usipa) amagawana naye zimene zapezeka usikuwo akachotsa za mafuta. Usipa ukagwa bwino, m'mawa pagombe pamakhala phwando: amayi a geni akugula, ena akuyanika pamathandala, ena akufutsa kapena kukazinga, mavenda akulongedza matumba opita ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Mlovi wachinyamata angathe kugwira tsiku limodzi ndalama imene mlimi amaiona pa mwezi, n'kuitha lomwelo. Koma mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo mwera ukayamba kuwomba cha mu May mpaka August, pamakhala masiku ambiri maboti ali pamchenga. Onjezanipo November ndi December, miyezi imene boma limaletsa makoka a m'mbali kuti chambo chiswane. Pagombe wogula malata ndi mwini boti kapena mayi wa geni amene ali mu banki m'khonde, osati mlovi. Amayi a banki m'khonde ambiri amagawana ndalama kumapeto kwa chaka, ndipo wa sitolo wochenjera amaonetsetsa kuti December asamupeze opanda katundu.

Ndalama ya mpunga imabwera kamodzi. Akakolola cha mu May ndi June m'madambo ndi ku sikimu ya Bua, mavenda amafika ndi masikelo awo, zigayo za mpunga zimalira usana wonse, ndipo kwa miyezi iwiri kapena itatu anthu amagula njinga, mafoni, mbale ndi malata. Chondidandaulitsa n'chakuti alimi ambiri amagulitsa mpunga wosapuntha nthawi yomwe mtengo uli pansi, ena atautenga kale katapila mpunga ukadali m'munda. Phindu lenileni limatsalira kwa amene wausunga mpaka December. Kwa Mwansambo, kumene kuli kumtunda, ndalama imachokera ku mtedza, soya ndi chimanga, koma nyengo yake ndi yomweyo.

Chinangwa musachiwerengere ngati ndalama yambiri, koma musachipeputse. Banja lokhala ndi munda wa chinangwa limadya kondowole chaka chonse, ndiye mu January ndi February, ena akamalimbirana chimanga chodula, ilo limapuma pang'ono. Ngakhale zili choncho miyezi iwiriyi ndi yakufa kwa wogulitsa simenti: kuli mvula, kuli fizi, m'matumba mulibe kanthu.

Ndalama yokhazikika pa boma ndi ya apamwezi: aphunzitsi, anamwino a chipatala cha boma ndi cha St Anne's, apolisi, a kukhonsolo, ndi a mabungwe. Awa ndiwo amagula simenti ndi penti, koma si ambiri, ndipo ena mwa iwo akumanga kwawo kumene anachokera, osati kuno. Palinso ndalama ya anthu ngati inu, a ku Joni, yotumizidwa pafoni kuti amayi amangire nyumba. M'midzi ina mukaona nyumba ya malata amakono ndi mawindo agalasi, funsani, nthawi zambiri mwana ali kunja.

Kunena zoona, kumene ndalama imazungulira kwambiri m'boma lino si pa boma, ndi pa Dwangwa, makilomita opitirira 50 kumpoto. Fakitale ya shuga inayamba kugaya kumeneko kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo lero ili m'manja mwa Illovo. Pambali pake pali Ethco, imene yakhala ikupanga ethanol kuchokera ku molasesi kuyambira 1982. Pali antchito olandira pamwezi, alimi a nzimbe ogulitsa ku fakitale, ndi odula nzimbe ochokera maboma ena amene amabwera nyengo yogaya, kuyambira cha mu April mpaka November. Nyengo ikamatha, odula nzimbewa amafuna kubwerera kwawo ndi chooneka, ndipo malata ndi njinga ndi zimene zimatsogola. Anthu obwera ochuluka amafunanso nyumba za lendi, ndiye kumanga sikutha. Dera lomwelo ndi limene munthu amayamba kumva Chitonga pamsika, pamodzi ndi Chitumbuka ndi Chilomwe cha obwera. Kuipa kwake, lendi ya sitolo ndi yokwera, opikisana nawo ndi ambiri, komanso madzi osefukira a kumayambiriro kwa 2024 anaonetsa kuti malo ena kumeneko si oikapo simenti pansi.

Poti munakulira ku Lilongwe, dziwaninso mtundu wa tauni imene mukubweramo. Nkhotakota ndi mudzi wakale kwambiri. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1840 n'kumawolotsa akapolo ndi minyanga pa nyanja. A Jumbe ndi amene anakulitsa ulimi wa mpunga ndi chipembedzo cha Chisilamu kuno. Aanglikani anamanga mishoni yawo m'zaka za m'ma 1890. Mpaka lero Asilamu ndi ambiri m'tauni, ndiye Lachisanu masana malonda amazizira, ndipo Idi ikayandikira anthu amakonza nyumba, penti ndi laimu zimayenda. Ndi tauni ya mabanja odziwana, ndipo zimenezi zili ndi mbali ziwiri. Mbiri yabwino imafala msanga. Ngongole nayonso imafala msanga, makamaka akadziwa kuti mwini sitolo ali ku Joni ndipo ndi mwana wa uje. Amalume akatenga matumba khumi a simenti "tidzaonana", amene mwamuika m'sitolo sangawakanize, ndipo inu simungakawalonjerere kwa amfumu.

Werengeraninso mtengo wofikitsa katundu. Simenti ndi yolemera, phindu pa thumba ndi lochepa, ndipo kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200. Msewu wa M5 wakhala wokumbika kwa zaka zambiri, ndi milatho yopapatiza, ndipo eni malole amalipiritsa poganizira zimenezo. Kwacha nayo siima: mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atakongoza katundu pamtengo wakale sanathe kuodanso wofanana naye. Marandi anu musawasinthe onse kamodzi.

Maganizo anga ndi awa, achimwene. Sitolo ingayende, koma osati ya simenti ndi malata zokha, ndiponso osati inu muli kutali chaka choyamba. Pa boma ndingayambe ndi kasitolo kakang'ono kosakaniza zomangira ndi zimene asodzi ndi alimi amafuna chaka chonse: zingwe, ulusi wosokera maukonde, mabatire ndi nyali za sola, misomali ndi phula la maboti, makasu, zikwakwa, masaka. Zinthu zing'onozing'onozi ndi zimene zingakulipirireni lendi mu February. Katundu wolemera muode mu April kuti June akupezeni muli okonzeka, kenaka muonjezere mu October.

Ngati tchuthi chanu mungachisankhe nokha, bwerani mu June kapena July. Mukhale masiku angapo pa boma, ena pa Dwangwa, mucheze ndi amisiri omanga nyumba ndi okhoma madenga, muwafunse kumene amagula ndi chimene chimasowa kawirikawiri. Mukatero mupite ku ofesi ya khonsolo mukafunse za chiphaso cha bizinesi musanalipire lendi kwa aliyense.